Tambala wa Tsiku Lamulungu

Kale munthu wogwira nchito pansi pa mgodi sanali kuwerenga masiku monga awerengera anthu ena. Iye anali kuwerenga tikiti, ndiwo masiku 30 a nchito, ndipo tsiku limene analiyembekeza ndi mtima wonse linali Lamulungu, pamene anakhoza kuona dzuwa kuyambira kuturuka kwace kufikira kulowa kwace.

M'caka ca 1956 m'komboni ya ku Luanshya munali Mcewa wina wa ku Katete, wokhala ndi mkazi ndi ana anai. Tikiti yace itatha, anabwera Loweruka madzulo ndi tambala wamkuru pa njinga, pakuti m'nyumbamo munapita miyezi osalawa nkhuku. Maganizo ace anali otere: m'mawa ku chalichi, masana nsima ya nkhuku, pambuyo pace kutsamira pa mpando wandalema ndi kumva nyimbo za ku Lusaka pa kawailesi kace ka Saucepan Special, ndipo dzuwa likapendeka kukaonerera kalela wa Abisa. Ndarama zotsala anazisungira batire latsopano, popeza lakale linali litayamba kunong'ona.

Nkhuku ili kubwata pa mbaula, kunja kunamveka "Odi!" Mkazi anawazindikira mauwo, nataya mthiko. Anali mlongo wace wamkuru, mwini mbumba, pamodzi ndi mkuru wina wa pamudzi ndi mnyamata wodzafuna nchito. Anacokera ku Fort Jameson, kumene lero tikucha Chipata, naoloka mlatho wa Luangwa pa basi kufika ku Lusaka, nakwera sitima yodzera ku Ndola. Kalata yonena za ulendo wao anaitumiza ndithu, koma inafika Lacitatu, eni ace atagona kale masiku atatu m'nyumbamo.

Mwambo sufunsa ngati munthu watopa. Tambala uja tsopano anali wa alendo. Nthutumba, imene mwini nyumba anaiganizira sabata yonse, inapita kwa mlamu wace. Ana, amene anakhala cizungulire mbaula kuyambira m'mawa, analandira mutu, zipalapasiro ndi msuzi. Pa izi panalibe wodandaula, pakuti mwana wa Mcewa adziwa kuti mlendo ndiye ayamba.

Atasamba m'manja, mlamu uja anaomba m'manja nati, "Alamu, sitinadzere nkhuku ai. Amai akalamba, maso aleka kuona, ng'ombe zilibe mbusa. Mau ao ndi akuti mbumba yao isathere ku migodi. Ndadzatenga mnyamata wamkuruyu."

Amene anakulira m'tauni angayese kuti mlendoyo anapitirira malire, komatu sanalakwe. Kwa Acewa mwana ali wa kwa amace, ndipo malume ndiye amyang'anira pa mlandu, pa ukwati ndi pa maliro. Lamulo limeneli linakhala bwino pamudzi, pamene mkamwini alima munda wa kwa mkazi ndipo malume ali pafupi tsiku ndi tsiku. Koma mnyamata uyu, wa zaka 13, anabadwira m'komboni. Anali mu Standard IV, ndipo buku liri lonse ndi kabudula ali yense zinacokera m'thukuta la atate wace.

Mwini nyumba anakhala cete nthawi yaitali. Pomariza anati, "Alamu, mau anu ndawamva, ndipo amai sindingawanyoze. Koma ine nditsikira pansi kusanace ndi fosholo cifukwa sindinaphunzire. Mukamtenga lero mwanayu, zaka zisanu zisanathe adzabwera kuno ndi mtolo pamutu, monga mnzace amene mwadza nayeyu."

Kale nkhani yotere ikadapita kwa akuru a mitundu, amene anayamba kuikidwa m'komboni ya ku Luanshya mu 1931. Koma mu 1953 anchito a m'migodi anabvota kuti akuruwo acoke, motero amuna awiriwa anatsala okha, wina kupenya pansi, wina kupenya kudenga. Ng'oma za kalela zinamveka patali mpaka zinaleka.

Amene anamasula mfundoyo ndi mkazi, amene sanafunsidwe kanthu tsiku lonse. Anagwada pakhomo nati, "Acimwene, amai amene munena ndi amai anga, ndipo mwana amene mumfuna ndi mwana wanga. Mlekeni atsirize Standard VI. Abambo ace azitumiza ndarama pa tikiti iri yonse kuti mulembe mbusa, ndipo ine ndidzabwera ndi ana ang'ono pa nyengo yokolola kudzakhala ndi amai." Mlongo wace sanakondwe kweni-kweni, koma mkuru uja wa pamudzi anagwedeza mutu kubvomera, ndipo zinathera pomwepo.

Ndarama za batire zinagula gombeza la agogo ndi kulipira sitima ya akuru awiriwo. Mnyamata wofuna nchito uja anatsala, nayala mphasa m'khichini, ndipo anakhala momwemo miyezi inai.

Usiku umenewo, alendo atagona pa kama wace, mwini nyumba anakhala panja pa mtondo, nadya nsima yozizira ndi khosi la tambala limene mkazi wace anamubisira m'kambale. Anayesa kutsegula kawailesi kaja. Kanalira pang'ono, kanakhala cete. Nsapato zace za kumgodi zinali pakhomo, kudikira mbanda kuca.