Masabata Asanu ndi Limodzi Ligi Isanayambe

Awa ndi mawu amene mphunzitsi wina wa mpira anayankhula kwa makomiti a matimu a ku Mtakataka, Mua ndi Golomoti. Alembedwa muno kuti afike kwa onse amene sanakhale nawo pamsonkhanowo.



Aliyense amene anaperekezako timu ya kuno kukasewera ku Dedza boma akudziwa mmene ulendowo umathera. Chigawo choyamba anyamata amasewera mpira wokoma. Ikakwana mphindi ya 60, manja ali m'chiuno, pakamwa pali yasa, otsekera kumbuyo akungouperekeza ndi maso mpira ukudutsa. Pobwerera m'lole mlandu umagwera woyimbira, ena nkumati pagolo panakwiriridwa mankhwala. Chikhalirecho timuyo inagonja kale miyezi iwiri m'mbuyomo, pamene anzawo anali kukonzekera iyo itakhala pansi.

Super League yakhala ikuyamba mu Epulo zaka zapitazi, ndipo matimu ake, kuphatikizapo Dedza Dynamos imene inalowamo mu 2022, amayamba kukonzekera masabata ambiri tsikulo lisanafike. Mipikisano ya m'maboma nayo imadza mvula ikatha, ndipo chikho cha Castel Challenge Cup, chimene chinayamba mu 2023, chimayambira m'maboma momwemo. Choncho nthawi yokonzekera imagwera mu Febuluwale ndi Malichi, miyezi yovuta koposa kuno kunsi kwa phiri. Chakudya chimachepa m'makomo, malungo amachuluka, bwalo limamera udzu wofika m'mawondo, ndipo wosewera amabwera madzulo atakhala m'madzi a mpunga ku Bwanje kuyambira m'bandakucha.

Mnyamata woteroyo si wofooka ayi. Mphamvu ali nazo, koma ndi mphamvu za khasu. Mpira umafuna zina: kuthamanga mwadzidzidzi, kuima, kutembenuka, kuthamanganso, kwa mphindi 90. Mphunzitsi amene amamuthamangitsa kuzungulira bwalo kakhumi pa tsiku loyamba, m'mimba muli zii, amangomuphwanya thupi. Masabata awiri oyamba asakhale ndi masewero aliwonse. Ola limodzi madzulo, dzuwa litapepa, likukwanira: kuthamanga pang'onopang'ono, kusewera ndi mpira, ndi kutenthetsa thupi mwadongosolo. Bungwe la FIFA lili ndi ndondomeko yotchedwa 11+, ya mphindi 20, yosafuna chipangizo china koposa mpira, ndipo kafukufuku anaonetsa kuti matimu oitsata kawiri pa sabata amavulala mocheperako ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Wosewera amene thupi latentha apite kuchipatala akayezetse malungo, asabwere pabwalo kuti akatulutse thukuta monga ena amanenera.

Sabata yachitatu ndi yachinayi ntchito iwonjezeke, anayi kwa anayi kapena asanu kwa asanu pakabwalo kakang'ono, pamene munthu sapeza mpata wopumira. Apa ndi pamene masewero opimana mphamvu ayambire, ndipo apa ndi pamene matimu ambiri a kuno amasokonekera.

Pali chizolowezi chakuti matimu awiri akagwirizana zokumana, aliyense amaika ndalama, wopambana atenge zonse. Amawatcha masewero opimana mphamvu, koma dzinalo nlabodza. Ndalama ikangoikidwa, mphunzitsi sayerekeza kutulutsa katswiri wake ngakhale akutsimphina. Mnyamata watsopano amene anafunika kuonedwa amakhala pabenchi mpaka wezulo yomaliza. Otsekera kumbuyo amalowa ndi miyendo yonse iwiri, poti ndalama zimene zaikidwazo anasonkha ndi iwo omwe. Miyendo imene yangophunzira masabata awiri imakakamizidwa kusewera mphindi 90 zaukali wa ndime yomaliza ya chikho. Mapeto ake ndi njinga yopita kuchipatala cha Mua. Ndipo bondo likathyoka mu Malichi, si timu yokha imene yataya munthu: banja lataya wokolola chimanga, wopuntha mpunga, wopalasa kabaza. Komiti imene ikufuna ndalama ikonze bonanza yake pakati pa chaka, matupi atakhwima. Zimenezo nzosiyana ndi kukonzekera.

Masewero enieni opimana mphamvu amakambiranidwa aphunzitsi awiri asanalowe m'bwalo. Oyamba akhale ndi timu yoyandikana nayo, yofikako pa njinga kapena pansi, ndipo pasapezeke wosewera wopitirira mphindi 45. Onse olembetsedwa alowe, ndi amene komiti ikuwakayikira omwe. Achiwiri, patapita sabata, odalirika asewere mphindi 60 kapena 70. Pakati pa masewero awiri padutse masiku osachepera atatu, pakuti mnofu sumangika pa tsiku la ntchito, umamangika pa tsiku lopuma. Zigoli za masewero amenewa zisalembedwe pamtima. Zofunika kulemba m'kope nzakuti ndani anatopa pa mphindi yanji, ndipo chigoli chinalowera mbali iti.

Sabata yachisanu timu ikwere phiri. Nyanja ili pa mamita osakwana 500 kuchokera pamene payambira nyanja yamchere, pamene tauni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600. Galimoto ikachoka pa Golomoti nkukhotakhota ndi msewu wa Khwekhwelere kukatulukira pa Masasa, yakwera mamita pafupifupi 1,000. Kumtundako mpweya ndi wopepuka, munthu amapuma mofulumira, mpira umathamanga kuposa mmene goloboyi anazolowerera, ndipo madzulo kumazizira. Ulendo umodzi sungasinthe magazi a munthu, zimenezo zimafuna masabata akukhala komweko. Koma umaphunzitsa wosewera kusunga mphamvu, kuti asathere zonse m'chigawo choyamba, ndipo befu akamugwira pa tsiku la ligi sadabwa naye. Akulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Timu ya kumtundayo idzafunanso kubwezera ulendo, pakuti nayo imaopa kutentha kwa kuno monga a kuno aopera phiri. Ikabwera, masewero ayambe dzuwa litapendeka, ndipo woyimbira aimitse mpira pakati pa chigawo chilichonse kuti onse amwe madzi, monga zimachitikira m'mipikisano ya FIFA kukatentha kwambiri.

Sabata yomaliza ntchito ichepe. Masewero otsiriza achitike kutatsala masiku asanu ndi awiri, kenaka kukhale kuyeserera makona, mafirikiki ndi mapenate basi.

Zonsezi zikukhudza matimu a atsikana chimodzimodzi, ndipo iwo apatsidwe bwalo pa nthawi yoti afike kunyumba kusanade, osati zotsalira za anyamata.

Mbali ya makomiti a m'midzi ndi yaing'ono koma siyoti ichedwe. Udzu utchetchedwe sabata yoyamba isanafike, maenje ndi tinjira ta ng'ombe todutsa pabwalo tikwiriridwe, ndipo pakhale zidebe ziwiri za madzi a pamjigo tsiku lililonse la maphunziro. Chodula ndi chimodzi chokha, galimoto yokwerera phiri. Matimu awiri a wodi imodzi akhoza kubwereka lole imodzi nkusewera motsatizana pa bwalo lomwelo, mtengo nkugawana pakati. Mlembi wa timu iliyonse abweretse ku msonkhano wotsatira wa ADC pepala lokhala ndi masiku a masewero atatuwo, mayina a matimu amene avomera, ndi mtengo wa lole umene wamva kwa mwini wake.