Msika wonse ungakwane papepala limodzi

 Lero tikambirane chimene chimatigwetsa ulesi ambirife pojambula: malo odzaza anthu. Kapu kapena duwa timajambula bwinobwino. Koma atiuze kuti tijambule msika wa Lizulu, mutu umaima. Matumba a kachewere, milu ya kabichi, akabaza, malole akudutsa mu M1, anthu piringupiringu. Ena amatseka kope pomwepo n'kunena kuti "ine ndilibe luso". Luso lilipo. Chimatisokoneza ndi poyambira.

Timathamangira tizinthu ting'onoting'ono. Mphindi 20 zimathera pa nkhope ya mayi mmodzi, kenako lole yasowa pokhala, pepala ladzaza. Ndiye tiyeni tisinthe ndondomeko.

Choyamba, tisankhe malire. Tiboole kawindo pakatoni, tiyang'aniremo. Zomwe zili kunja kwa kawindoko si zathu lero.

Chachiwiri, tiyesere pang'ono kaye. Tijambule timabokosi titatu tofanana ndi bokosi la machesi, kalikonse mphindi 2 basi. Mmenemo tingoika zikuluzikulu: msewu, madenga a mashedi, phiri lakumbuyo. Komwe katisangalatse ndi komwe tikulitse.

Chachitatu, tilembe mzere wopingasa pamene pali maso athu. Apa pali chinsinsi. Tikaimirira pamalo athyathyathya, mitu ya anthu akuluakulu oimirira imagwera pafupi ndi mzere umenewu, kaya ali pafupi kaya ali kutali. Chimasintha ndi mapazi: wapafupi mapazi ake amatsika m'munsi mwa pepala, wakutali amakwera. Tikagwira zimenezi, gulu la anthu silivutanso.

Chachinayi, titsinzine pang'ono. Tiona kuti msika wonse wasanduka zigawo zitatu: powala, pakatikati ndi pamthunzi. Tidetse mithunzi ikuluikulu kaye, monga kunsi kwa mashedi ndi kunsi kwa malole.

Pomaliza, tisankhe munthu mmodzi woti nkhani ikhale pa iye. Mwina ndi mayi wosenza dengu, mwana kumsana. Ameneyo timupatse nthawi: maluwa a chitenje chake, mmene khosi lalimbira ndi katundu. Enawo akhale mizere yochepa chabe. Tomato sitiwerenga mmodzimmodzi ayi, asanu apamwamba akwanira, maso a woona amalizitsa okha. Munthu akachoka tisanathe, tisadandaule. Abwera wina woima chimodzimodzi, tibwereke miyendo yake.

Ndipo asatinamize kuti kujambula n'kwa amuna. Ku Chongoni, ku Dedza, kuli malo 127 a zojambula pamiyala, amene UNESCO inawazindikira mu 2006, ndipo zina mwa zojambulazo n'zokhudza chinamwali cha atsikana, ntchito ya manja a amayi.

Sabata ino aliyense apite pamsika, pachigayo kapena pamjigo ndi pensulo. Mphindi 15, rabala asiye kunyumba. Paja pang'onopang'ono ndi mtolo. Tikakumananso tidzayala mapepala athu pamphasa, tidzaone limodzi.