KAFUKUFUKU WA MADOKOTALA AMAMUYESA NDANI?

Kawirikawiri pa wailesi timamva mau akuti madokotala apeza zakutizakuti. Tsono madzulo ano tiyeni tifunse: kodi zimene apezazo amaziyesa ndani zisanafike m'makutu mwathu?

Dokotala akatsiriza kafukufuku wake amalemba lipoti lofotokoza funso limene anali nalo, odwala amene adawapima, njira imene adatsata, ndiponso zimene zidatuluka. Lipotilo amalitumiza ku magazini ya zachipatala, monga The Lancet ya ku London, imene idayamba m'chaka cha 1823, kapena Malawi Medical Journal ya kwathu konkuno.

Woyamba kuliwerenga ndi mkonzi, ndipo malipoti ochuluka amathera pomwepo. Limene laoneka kuti lili ndi mutu, mkonzi amalitumiza kwa akatswiri awiri kapena atatu odziwa bwino nthendayo, amene sadagwire nao ntchito ya kafukufukuyo. Paja akulu adati mutu umodzi susenza denga. Akatswiriwa kawirikawiri salandira malipiro, ndipo m'magazini ambiri mlembi sauzidwa maina ao, kuti iwo anene chilungamo mosaopa udani. Komabe magazini ya BMJ idaleka kubisa mainawo m'chaka cha 1999.

Mafunso amene akatswiriwa amafunsa ndi oti inunso mungawamvetse. Kodi odwala anali angati? Kodi panali gulu lina losalandira mankhwalawo, loti tifanizire nalo? Pakuti anthu ambiri odwala chimfine amachira okha, ndipo popanda gulu lachiwirilo mankhwala angatamandidwe pa ntchito imene sadagwire. Kodi odwala adawagawa m'magulu mwa maere, kapena dokotala adadzisankhira amphamvu? Kodi odwalawo adavomera, ndipo komiti yoteteza anthu pa kafukufuku idaloleza? Nanga ndalama za ntchitoyo zidachokera kwa yani? Magazini aakulu amakhalanso ndi katswiri wa masamu wowerengetsa manambala.

Ndemanga zikabwera, mkonzi amaweruza: kukana, kulandira, kapena kubweza lipotilo kwa mwini wake kuti akakonze. Kubwezerana kotere kumatha miyezi ingapo, ndipo m'magazini otchuka kwambiri malipoti osindikizidwa safika 10 mwa 100 alionse.

Koma sefa imeneyi ili ndi malire ake. Alimi a fodya mukudziwa kuti belo likhoza kuoneka lokongola pamwamba pamene pakati pabisidwa makata. Akatswiri aja amawerenga zimene mlembi walemba. Sapita ku chipatala chake kukaona odwala kapena kukatsegula mafailo ao. Cholakwa cha masamu angachigwire, koma bodza lokonzedwa bwino limatha kuwapitirira.

Zimenezi zidachitikadi ku Britain. Mu February 1998, The Lancet idasindikiza lipoti la Dr. Andrew Wakefield ndi anzake 12. Lipotilo linkanena za ana 12 okha, ndipo makolo a ana 8 mwa iwo ankaganiza kuti katemera wa MMR, woteteza ku chikuku, matsagwidi ndi rubella, ndiye adayambitsa mavuto a ana ao, makamaka autism, vuto limene limachititsa mwana kuvutika polankhula ndi pocheza ndi anzake. Gulu lofanizira nalo panalibe. Olembawo adavomera m'lipotimo kuti sadatsimikize kuti katemerayo ndiye gwero, koma pamsonkhano wa atolankhani Wakefield adapempha kuti katemerayo ayambe waimitsidwa.

Makolo adachita mantha. Ku England, chiwerengero cha ana obayitsa katemerayu chidatsika kuchoka pa 92 mwa 100 alionse mu 1996 kufika pa 80 mu 2004. Chikuku chidabwerera, ndipo mu 2006 mnyamata wa zaka 13 adamwalira nacho, patapita zaka 14 nthendayi isanaphe munthu motero m'dzikomo.

Choonadi chidatuluka kuchokera mbali ziwiri. Ofufuza ena adayesanso nkhaniyo: ku Denmark adalondola ana oposa 537,000, ndipo mu 2002 adalengeza kuti autism sidachuluke mwa ana otemeredwa kuposa mwa anzao. Kenaka mu 2004 mtolankhani Brian Deer adaulula kuti Wakefield adalandira ndalama kudzera kwa maloya amene ankakonzekera kuzenga mlandu makampani opanga katemerayo, chinthu chimene owerenga magaziniyo sadauzidwe. Chaka chomwecho anzake 10 adakana poyera tanthauzo la lipoti lija. Mu January 2010 bungwe loyang'anira madokotala ku Britain lidamupeza wolakwa pa kusaona mtima. Mu February The Lancet idachotsa lipotilo m'gulu la zovomerezeka, ndipo mu May adamlanda chilolezo cha udokotala. Padatenga zaka 12 kuti cholakwacho chikonzedwe.

Tisanene tsono kuti kuyesa malipoti nkopanda pake. Sefa imeneyi imatchinga zinyalala zambiri zimene zikadafika m'zipatala zathu. Koma kusindikizidwa sikutsiriza mlandu. Lipoti limayamba kudalirika pamene ofufuza ena, m'maiko ena, abwereza ntchitoyo pa anthu ochuluka napeza zofanana.

Choncho mukamva kuti kafukufuku wapeza chinthu chodabwitsa, funsani kuti adayesa anthu angati, adalipira ndani, ndiponso ngati ena apeza zomwezo. Musaleke mankhwala kapena kubisa mwana tsiku la katemera chifukwa cha lipoti limodzi. Yambani mwafunsa azaumoyo ku chipatala chimene muli nacho pafupi. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Mpaka sabata ya mawa nthawi ngati yomweyino, tsalani bwino.