Madzi Saiŵala Khwaŵa

Lero tikambirana za madzi osefukira ndiponso za inshuwaransi. Ndiyamba ndi nkhani ya kutali, ya ku Britain.

Kumpoto kwa dziko la Wales kuli katauni kotchedwa Towyn. Katauniko kali m'mbali mwa nyanja yamchere, pa malo otsika kwambiri. Kumeneko kuli makalavani ambirimbiri. Kalavani ndi nyumba yopepuka yokhala pa matayala. M'kati mwake muli bedi, mipando ndi pophikira. Makalavaniwo amawaika m'mizere pa bwalo lalikulu, ndipo eni ake amalipira lendi ya malowo. Ambiri amakagonamo pa nthaŵi ya tchuthi.

Tsono pa 26 Febuluwale 1990 kudaomba chimphepo choopsa. Nyanja idakwera, mafunde nagumula khoma limene linkatchinga madzi. Madzi adaloŵa m'nyumba pafupifupi 2,800, ndipo anthu pafupifupi 5,000 adathaŵa m'makomo mwao. Nanga makalavani aja? Poti ndi opepuka, ena adayandama ngati mabwato, naombana okhaokha. Madzi amchere adaononga mipando, zofunda ndi nthambo za magetsi.

Madzi ataphwa, anthu adabwerera kukaona katundu wao. Amene adali ndi inshuwaransi yokwanira adalandira ndalama zokonzera nyumba ndi kugulira katundu wina. Koma ambiri, makamaka okalamba, adalibe inshuwaransi, kapena adali nayo yopereŵera. Iwoŵa adatsala manja lende, kudikira chithandizo cha akufuna kwabwino.

Kodi inshuwaransi nchiyani? Ndi pangano la pakati pa inu ndi kampani. Inu mumapereka ndalama pang'ono mwezi ndi mwezi, kapena kamodzi pa chaka. Anthu enanso ambiri amapereka chimodzimodzi. Tsoka likagwera ochepa mwa iwo, kampani imatapa m'thumba lomwelo nkuwalipira. Paja akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga.

Koma apa tcherani khutu. Kampani imalipira zokhazo zimene zalembedwa pa pepala la panganolo. Zimene mwangouzidwa pakamwa sizigwira ntchito ai. Nchifukwa chake musanasaine, funsani mafunso anayi aŵa:

1. Kodi mau akuti madzi osefukira alembedwamo? Mapangano ena amatchula moto ndi akuba okha basi.

2. Kodi pangano likunena za nyumba yokha, kapena ndi katundu yemwe wa m'nyumbamo?

3. Kodi adzandipatsa mtengo wogulira chinthu chatsopano, kapena mtengo wa chinthu chakale chija? Mtengo wa chakale umakhala wotsika.

4. Kodi pa zoonongekazo, ndi ndalama zingati zimene ndidzalipire ndekha? Kaŵirikaŵiri gawo loyamba limakhala lanu, kampani nkulipira zotsalazo.

Inunso muzinena zoona. Akakufunsani ngati pamalopo padasefukirapo madzi, musabise. Mukanama, kampani ingathe kukana kukulipirani pa tsiku la tsoka. Dziŵaninso kuti pa malo osefukira kaŵirikaŵiri mtengo wa inshuwaransi umakwera, ndipo makampani ena amakana ndithu. Ku Britain vuto limeneli lidakula, mpaka mu 2016 boma ndi makampani adakhazikitsa thumba lapadera lotchedwa Flood Re, kuti eni nyumba za m'malo otere azitha kupeza inshuwaransi yotsikirapo mtengo.

Mwina wina anena kuti, "Ife makalavani tilibe, nanga zikutikhudza bwanji?" Eetu, makalavani tilibe, koma madzi timawadziŵa. Kumbukirani za mu Januwale 2015 ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Kumbukiraninso namondwe Freddy mu Malichi 2023 ku Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Ena mwa inu muli ndi golosale, chigayo, nyumba yamalata kapena galimoto. Mwachitsanzo, inshuwaransi yotsika mtengo ya galimoto, ija imene lamulo limafuna, imalipira anthu ena amene mwawapweteka kapena kuwaonongera katundu. Galimoto yanuyo ikamira, inshuwaransi imeneyi sikupatsani kanthu.

Mukasaina pangano, sungani pepala lake ndi malisiti m'pulasitiki, pa malo okwera. Lembani m'kope katundu wanu yense ndi mitengo yake. Tsoka likagwa, kaneneni ku kampani msanga. Koma mukamva chenjezo la madzi, thaŵirani kumtunda osachedwa. Inshuwaransi imabweza katundu, koma moyo siibweza.

Anzanga, kale tinkangodinda chala pa pepala osadziŵa zimene zalembedwapo. Lero mukudziŵa kuŵerenga. Ŵerengani pang'onopang'ono mzere uliwonse. Pamene simukumva, funsani, osachita manyazi, pakuti safunsa adadya phula. Madzi saiŵala khwaŵa: pamene adadutsa kale adzadutsanso. Tikonzekere kukadali kouma.