ZIŴERENGERO ZITATU ZA USILIKALI

Pamene ng'oma ya mganda ilira m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, anyamata amandanda mizere ndi kuguba monga asilikali. Guleyu anatengera perete wa gulu la King's African Rifles, ndipo amakumbutsa za amuna amene anachoka m'midzi pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene makolo anaitcha Chiwaya.

Pa nkhondoyo dziko la Nyasaland linapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi atengatenga pafupifupi 200,000. Kalembera wa 1921 anapeza kuti anthu onse m'dziko muno anali pafupifupi 1,200,000. Nanga boma linafuniranji amuna ochuluka chotere?

Yankho likupezeka pozindikira kuti chiŵerengero cha gulu la nkhondo chili patatu: amene afunidwa, amene atsiriza maphunziro, ndi amene akhalitsa pa ntchito. Mlimi amaponya mbewu zitatu paphando chifukwa adziŵa kuti zina sizimera. Olemba asilikali nawonso amaŵerengeratu amene adzabwezedwe ndi dokotala, amene adzalephere maphunziro, ndi amene adzapume kapena kusiya ntchito.

Pa nthaŵi ya Chiwaya chiŵerengero chachitatu ndicho chinavuta. Atengatenga ankasenza katundu mitunda yaitali opanda chakudya chokwanira. Kamwazi, malungo ndi chibayo zinapha ambiri, ndipo ena anathaŵa. Munthu akasoŵa pa mzere, ofesi ya boma inkaumiriza mafumu kupereka wina. Kuumirizako kunaonjeza mantha, mantha anaonjeza othaŵa, ndipo othaŵa anakweza chiŵerengero chofunidwa. John Chilembwe anali atadandaula kale m'kalata yake ya November 1914 kuti amphaŵi akufera nkhondo imene siinali yawo.

Usilikali wa Malaŵi wodziimira payekha ndi wodzifunira. Achinyamata amayesedwa thupi ndi mphamvu, ndipo osankhidwa amakaphunzira ku sukulu ya asilikali ya MAFCO ku Salima. Komabe masamuwo sanasinthe. Womva kuti anthu akutiakuti alembedwa ayenera kufunsanso kuti: atsiriza angati, ndipo patapita zaka akhalapo angati?

Ziŵerengero ziŵiri zomalizazi ndizo zimaulula ngati msilikali akudya bwino, akulandira mankhwala, ndiponso ngati banja lake likusamalidwa. Kholo la ku Mponela kapena kwa Nthondo, lotsanzikana ndi mwana wake pa boma, liyenera kudziŵa zimenezi, pakuti pa nambala iliyonse pali munthu amene kwawo akumudikira.