Cisoni Cimene Sicicoka

Phunziro la za umoyo lero tiliyambira ku boma la Mambwe, m'cigwa ca Luangwa.

Inu a kwa Kakumbi ndi kwa Mnkhanya mudziwa cimene cimacitika njobvu zikalowa m'munda usiku. M'mawa mwini munda apeza mapesi okhaokha. Alira, akana nsima, akhala duu pakhonde. Cimeneci ndi cisoni, si matenda ai. Abale akabwera kudzampepesa, masiku napita, iye amatola khasu nayambanso.

Koma ciripo cisoni cina cimene sicicoka, ndipo nthawi zina cimadza popanda njobvu, popanda maliro. Madotolo amacicha matenda obvutika maganizo, pa Cingelezi depression. Mu 2023 bungwe la za umoyo la dziko lonse, WHO, linanena kuti anthu pafupifupi 280 miliyoni anali ndi matendawa.

Nanga dotolo amawazindikira bwanji? Malungo amaoneka pa kadontho ka magazi a ku cala, koma matenda awa saoneka m'magazi. Dotolo amafunsa ndi kumvetsera. Afuna kudziwa ngati munthuyo wakhala wosakondwa pafupifupi tsiku lonse, masiku onse, kwa masabata awiri kapena kuposa, ndiponso ngati zimene anali kuzikonda zaleka kumkoma. Amafunsanso za tulo, za cakudya, za kutopa, za kulephera kuika maganizo pa nchito, za kudziona wacabecabe, ndi ngati aganizapo za imfa. Angathenso kumpima thupi, pakuti kucepa kwa magazi ndi matenda ena zimafooketsa munthu mofananamo.

Tsopano kwa inu aphunzitsi. Mwana sadzaimirira m'kalasi kunena kuti, “Ndabvutika maganizo.” Inu mudzangoona kuti mtsikana amene anali kutsogolera nyimbo wakhala cete kumbuyo, kapena kuti mnyamata wokonda mpira akwiya msanga, adandaula mutu ndi m'mimba, ayamba kujomba. Kawirikawiri wotereyu timamucha waulesi ndi kumpatsa cibalo ca kusesa bwalo. Kumeneko ndiko kulakwa, cifukwa cibalo cimangomtsimikizira cimene iye aganiza kale, kuti ali wopanda pace. Muitaneni pambali, osati pamaso pa anzace. Mfunseni mofatsa, musafulumire kumlangiza. Kenaka kambiranani ndi makolo.

Kumudzi ena adzati mwanayo walodzedwa. Musakangane nao. Auzeni kuti mapemphero ndi citonthozo ca abale ndi zabwino, koma ayambe amuonetsa ku cipatala.

Ulendo uyambira pa kiliniki yapafupi, monga ya ku Masumba kapena ku Kakumbi. Kukafunika, wodwala amatumizidwa ku cipatala ca mishoni ca Kamoto, kapena ku cipatala cacikuru ca Chipata. Makolo ambiri amaopa kuti mwana wao adzatengedwa kupita ku Chainama, ku Lusaka, nachedwa wamisala. Dziwani kuti odwala ambiri amathandizidwa ali kwao. Ndiponso mu 2019 dziko lathu linakhazikitsa lamulo latsopano loteteza ufulu ndi ulemu wa odwala matenda a maganizo.

Thandizo loyamba, makamaka kwa ana, ndilo kukambirana ndi mlangizi wophunzitsidwa. Ena amapatsidwanso mankhwala, koma awa sagwira msanga ngati a malungo: papita masabata angapo munthu asanayambe kupepukidwa, ndipo sayenera kuwaleka yekha.

Ana inu, mnzanu akakuuzani kuti afuna kudzipha, cimeneco si cinsinsi cosunga, ngakhale akulumbiritseni. Uzani aphunzitsi kapena munthu wamkuru tsiku lomwelo, ndipo musamsiye yekha. Pali manambala a lamya aulere: 116 ya ana, 933 ya akuru. Aphunzitsi, alembeni pa bolodi tsopano, ana awakopere m'mabuku ao.