Mpweya Wopatsa Moyo Umene Umawotchanso

Khasu losiyidwa pabwalo m'nyengo ya dzinja limachita dzimbiri. Chimene chimadya chitsulocho ndi okosijeni, mpweya womwewo umene munthu amapuma kuti akhale ndi moyo. Nkhani ya lero ikunena za dzimbiri lotere m'mapapo a munthu wodwala mwakayakaya.

Mwa magawo 100 a mpweya wa masiku onse, magawo 21 okha ndiwo okosijeni. Koma chibayo chachikulu kapena ngozi zikavulaza mapapo, timatumba tam'kati mwake timadzaza madzi. Zikatero madokotala amaika wodwalayo pa makina omupumira, namupatsa okosijeni wochuluka.

Pamenepa pali msampha. M'chaka cha 1899, James Lorrain Smith anaonetsa kuti mbewa zopuma okosijeni wochuluka kwa nthawi yaitali zimatupa mapapo. Chifukwa chake n'chakuti thupi likamagwiritsa ntchito okosijeni, pamatuluka tizidutswa taukali totchedwa free radicals, timene timawotcha minofu ngati mbaliwali zogwera pa udzu wouma. Asilikali a m'magazi nawonso amatulutsa tizidutswa tomweti polimbana ndi tizilombo, ndipo nkhondo ikakula, mapapo amapsera momwemo.

Thupi lili nazo zozimira moto umenewu, koma sizigwira ntchito popanda timichere tochepetsetsa, makamaka selenium, zinc ndi kopa. Tsoka lake, pa nthawi imene timichereti tikufunika koposa ndi pamene selenium ndi zinc zimachepa m'magazi. Zinc amathawira kuchiwindi, ndipo makina osefa magazi a wodwala amene impso zake zaleka kugwira ntchito amakokolola selenium pamodzi ndi zoipa.

Kodi kungowonjezera timichereti n'kokwanira? Kafukufuku wamkulu wa ku Germany, wofalitsidwa mu 2016, anapeza kuti selenium wochuluka sanachepetse imfa za odwala matenda oopsa a m'magazi. Motero madokotala amangobwezeretsa chimene chasowa, ndipo okosijeni amaupereka ndi muyezo, monga mankhwala ena onse.

Omvera a ku Malawi nkhaniyi ikuwakhudza, pakuti chimanga cha m'maboma ambiri chili ndi selenium wochepa chifukwa cha dothi, kusiyana ndi cha m'madera ena a ku Chigwa cha Shire. Usipa, mazira, nyama, nyemba ndi mtedza pambali pa nsima zimathandiza kudzaza nkhokwe ya thupi matenda asanagogode pakhomo.